Agogo Verlene ndi Matailosi a Chombo

...eya abusa, ndikuyamba. Pepani nonse, mbiriyi amayenera kuwerenga amalume a Roderick koma alephera, ndiye yagwera ine Keyonna, mdzukulu wachiwiri. Ndalemba pafoni. Mukaona ndikuseka musandidabwe, eni akewo anali otero, komanso ndikasiya kuseka ndiyamba kulira.

Malemu agogo athu, mayi Verlene Tisdale, anabadwa pa 9 Marichi 1952 konkuno ku Mims, m'banja la bambo Otha ndi mayi Ruthell Gaskin. Anali achinayi mwa ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankathyola malalanje, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Sukulu anayambira konkuno, sekondale anakaphunzira ku Titusville n'kumaliza mu 1970. Akuti masamu ankakhoza kwambiri koma ankatulutsidwa panja kawirikawiri chifukwa cha pakamwa. Amene munkawadziwa simukudabwa, ndikuona.

Atamaliza sukulu analowa ntchito yolongedza malalanje m'mabokosi. Pa 16 Juni 1973 anakwatiwa ndi bambo Cleophus Tisdale m'tchalitchi muno. Agogo aamunawo ankakonza mainjini a maboti, munthu wofatsa, ankati m'nyumba imodzi wolankhula mmodzi amakwanira. Mulungu anawapatsa ana awiri, amalume a Roderick ndi amayi anga a Lavonne.

Mu 1979 chombo choyamba chotha kupita mumlengalenga n'kubwerako mobwerezabwereza chinafika ku Cape, kuja amaulutsira zombo, chili zigambazigamba, matailosi ambiri asanamatidwe, ndipo kunkafunika anthu a manja osanjenjemera. Malemu anapita kukafunsira ntchito tsiku lomwe anamva. Achibale ochokera ku Georgia mwina simukudziwa za matailosiwa. Chombo chikamabwerera, kumimba kwake kumatentha moto wosungunula chitsulo, ndipo chotchinjiriza anthu ali mkatimo ndi matailosi akuda, opepuka, oti ukakanikiza ndi chala amabooka. Analipo oposa zikwi makumi awiri, lililonse ndi nambala yake ndi malo akeake, ndipo ankamatidwa ndi manja, limodzilimodzi. Malemu anagwira ntchito imeneyo zaka makumi atatu ndi ziwiri, ataimirira pansi pa chombo manja ali m'mwamba. N'chifukwa chake mapewa ankawavuta.

Lamulo la kumeneko linali loti tailosi siliuluka ndi chidindo chimodzi. Womata adinde, kenako woyendera ntchito abwere, ayeze, akoke, akakhutira adindenso. Woyendera wa malemu anali mayi Marjean Pruitt. Tsiku loyamba lenilenilo a Marjean anawamatulitsa tailosi limodzi katatu. Kachitatuko malemu anati, "Iwe, upolisiwu unabadwa nawo kapena unachita kuphunzira?" A Marjean osaseka n'komwe anati, "Matula mayi. Pamwamba pa chimenechi pakhala mwana wa munthu." Malemu anamatula uku akung'ung'udza, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina la a Marjean linali Apolisi.

Anakhala mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Kuntchito ankapita pagalimoto imodzi, kukangana njira yonse za wailesi. Chombo chikanyamuka bwino ankadya nyemba ndi chikondamoyo monga mwa mwambo wa kuntchito kwawo, ndipo malemu ankati nyemba za Apolisi zilibe mchere chifukwa mcherewo sunapambane mayeso. Amayi anga ndi amalume anakula akuwatchula kuti anti Marjean.

Pa 28 Januwale 1986, m'mawa wozizira kwambiri, awiriwa anaima panja pa malo awo antchito kuonerera chombo chikunyamuka, ndipo chinaphulika iwo akuona. Munali anthu asanu ndi awiri. Zombo zinaima kuuluka zaka ziwiri ndi miyezi ingapo. Zitayambiranso, onse awiri analipo.

Loweruka pa 1 Febuluwale 2003, m'mawa, malemu anakhala pakhonde ndi kapu ya khofi kudikira kugunda. Akuluakulu mukukumbukira, chombo chikamabwera kunkagunda kawiri motsatizana, mawindo kunjenjemera, agalu a mudzi wonse kuuwa. Nthawi inakwana. Inapitirira. Kunali zii. Amayi akuti malemu sanadzuke pampando, sanafune kuti wina ayatse TV, anangoti, "Tidikire pang'ono." Chombo chija, choyamba chija chomwe analembedwera ntchito, chinali chitasweka pamwamba pa Texas. Munalinso anthu asanu ndi awiri.

Zidutswa zinabwera pamalole n'kuyalidwa pansi m'chinyumba chachikulu, ndipo odziwa matailosi anaitanidwa kuti akazizindikire. Malemu ndi anti Marjean anakhala miyezi akuwerama, kupukuta mwaye, kuwerenga manambala opserera. Tsiku lina anti Marjean anatola tailosi, atayang'ana m'mapepala anapeza kuti linali lawo, zidindo zonse ziwiri zilipo. Malemu sanadye masiku atatu. Pambuyo pake ofufuza ananena kuti chidutswa chomwe chinagamphuka pathanki ya mafuta ya chombocho ponyamuka ndi chomwe chinaboola phiko. Malemu anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Waona Apolisi, si ife." Anti Marjean anati, "Ndiye zikundiopsa kuposa kale, Verlene. Ife tinachita zonse bwino, anthu n'kufabe."

Chaka chotsatira anti Marjean anabweza chidindo chawo n'kupuma ntchito. Malemu anatsala. Ankati wina ayenera kumata, ndipo bola amate iwo kusiyana ndi munthu woganiza za nkhomaliro. Ubwenzi unapitirira, nkhani yokhayo ankailambalala. Agogo aamuna atamwalira mu Meyi 2009, anti Marjean anagona kunyumba kwa malemu masabata awiri, pampando wa pabalaza, kuwakakamiza kudya.

Pa 21 Julayi 2011, mbandakucha, chombo chinatera komaliza, zombozo zinapumitsidwa. Mawa lake malemu ndi anzawo ambirimbiri ntchito inawathera. Loweruka lake anaitana anzawo kunyumba kudzakazinga nsomba pabwalo. Ine ndinali ndi zaka zitatu, izi ndauzidwa ndi amayi ndipo ati ndinene chifukwa theka la inu munalipo. Anti Marjean anakweza kapu ya tiyi n'kunena kuti, "Tithokoze Mulungu chatera bwino, ndipo sichidzanyamulanso mwana wa munthu."

Malemu anaika chipande pansi. "Ukuthokoza chiyani iwe? Ndiye zaka zonsezi ine ndimamata bokosi la maliro?"

"Sindinatero."

"Watero."

Anti Marjean anati, "Anthu khumi ndi anayi, Verlene. Ine ndimawatchula mayina tsiku lililonse."

Malemu anati, "Nanga mazanamazana omwe anapita n'kubwera kudzakumbatira ana awo, amenewo suwawerenga? Ankadziwa chomwe akukwera. Palibe anachita kuwakankhiramo."

"Iwo ankadziwa. Ana awo ndani anawafunsa?"

Pamenepo malemu anati, "Tenga mbale yako uzipita." Anti Marjean anatenga mbale yawo ya saladi, yosayambidwa n'komwe, n'kupita. Kuchokera tsiku limenelo mpaka mwezi uno, zaka khumi ndi zitatu, sanalankhulane. Tauni yake yomweyi, sitolo yake yomweyi. Ine ndinaonapo ndi maso anga agogo akutembenuza ngolo yogulira zinthu pakati pa sitolo, liwiro lake ngati aona ng'ona, mazira n'kugwa. Nditafunsa anati aiwala sopo. Sopoyo anali m'ngolomo.

Atapuma ntchito malemu sanakhale manja lende. Ankaimba kwaya, mawu achiwiri, mokweza kuposa oyamba. Abusa mukukumbukira amisiri omwe anadzaika matailosi kukhitchini ya tchalitchi. Malemu anawaimirira kumsana sabata yonse ndi kachitsulo kawo koyezera, mpaka mmodzi anafunsa ngati khitchiniyo ikupita kumwezi. Pepani, ndinanena kuti ndiseka.

Chombo chomaliza chija chinaikidwa m'nyumba yoonetsera alendo. Sukulu yathu inapitako kawiri, koma malemu sanapondeko phazi. Ankati sangakaone mnzawo atapachikidwa ngati nsomba youma, anthu akudya ayisikilimu pansi pake. Koma nyumba yomwe anaimanga mumlengalenga, zipangizo zake zikupita pa zombozi, ikamadutsa madzulo, kanyenyezi koyenda kosathwanima, ankatitulutsa tonse panja ngakhale udzudzu uchuluke bwanji. Ankaloza n'kunena kuti, "Mukuiona? Muli anthu mmenemo, akudya, akugona. Njerwa zake tinanyamula ndife." Tsiku lina ndinawafunsa ngati zinali zoyenera, poti anthu anafa. Anayang'ana kumwamba. Kenako anati, "Masiku ena ndimati eya. Masiku ena ndimangoti ndinamata bwino. Usakauze munthu." Pepani agogo, ndauza anthu.

Mu Okutobala chaka chatha malemu anayamba kudandaula m'mimba ndi msana, ndipo madokotala anapeza khansa ya kapamba. Analandira mankhwala ku Orlando miyezi isanu ndi inayi, amalume ndi amayi akusinthana kuwaperekeza. Tsitsi litathothoka anagula mawigi atatu n'kuwapatsa mayina. Mu Ogasiti madokotala anati palibenso chomwe angachite, ndipo malemu anati, "Ndiye mukundisungiranji? Ndipatseni nsapato zanga." Anabwerera kunyumba kwawo, anamwino n'kumabwera kudzawaona.

Lolemba pa 9 Sepitembala, nditaweruka kusukulu, anandiitana. Anati, "Tenga foni yako. Ulembere Apolisi." Nambala anaitchula pamtima, osaphonya. Ndinati agogo, zaka zonsezi? Anati, "Lemba, sindinakuitanire mafunso." Poyamba anati ndilembe kuti pepa. Nditalemba anati, "Fufuta, angayambe matama." Kenako anati ndilembe kuti ukadali wolakwa. Anaganiza pang'ono, anati fufutanso. Tinafufuta kasanu ndi kawiri, tikuseka mpaka iwo kutsokomola. Yomwe inapita ndi iyi: "Marjean, ndine Verlene. Ndikupita. Ntchito iyi sindinaigwirepo ndipo palibe wondiyendera. Bwera."

Foni inaonetsa kuti meseji yawerengedwa. Yankho silinabwere. Lachiwiri ndikungolowa pakhomo anafunsa, "Wayankha?" Ndinati ayi. Anandiuza kuti ndiwaveke wigi yabwino ija, ndisunthirenso mpando pafupi ndi bedi. Lachitatu anafunsanso. Ndinafuna kunama, ndinene kuti ali m'njira, koma agogo bodza ankalinunkhiza ukadali kukhomo. Ndinati ayi. Anayang'ana kuzenera n'kunena kuti, "Msiye. Ameneyo amachedwa kuyambira kale." Mpandowo anakana kuti tiuchotse.

Malemu anatisiya Lachinayi pa 12 Sepitembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kunyumba kwawo, amayi atawagwira dzanja ili, amalume linalo. Anali ndi zaka 72. Asiya ana awiri, bambo Roderick ndi mayi Lavonne, zidzukulu zisanu, ndi mng'ono wawo mmodzi, mayi Odessa, omwe abwera kuchokera ku Georgia ngakhale nawonso sakupeza bwino.

Banja likuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi a kwaya omwe sanatisiye tokha ngakhale tsiku limodzi, anamwino omwe anapirira pakamwa pa malemu mpaka kuwakonda, ndi aneba omwe amatchetcha kapinga osapemphedwa. Tikuthokozanso inu anzawo akuntchito mwakhala kumbuyoko mutavala malaya anu akale. Ena sakukukwananinso, akanakhalapo akanakuuzani. Agogo, mwagwira ntchito manja ali m'mwamba nthawi yaitali, tsopano atsitseni. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Pamenepa ndi pomwe ndinalekezera kulemba, koma pali china. Lero m'mawa ndinalemberanso anti Marjean, ndipo sindinalembe mwaulemu, amayi mundikhululukire. Ndinati anakudikirani masiku atatu, mwambo ndi lero 11 koloko. Yankho lalowa tikuimba nyimbo yoyamba ija. Ndawaonetsa amayi ndipo ati ndiwerenge momwe lilili.

"Mwanawe, ndinaiwerenga Lolemba lomwelo. Kawiri ndinafika pamsewu wanu, n'kubwerera. Ndinkaopa kuti andifunsa ngati ndasintha maganizo, ndipo ine Verlene sindinamunamizepo. Sindinasinthe, chombo chija chinayenera kupuma. Ndinayesa ndikadali ndi sabata ina yoti ndipeze mawu. Uwauze anthuwo kuti pa zaka makumi awiri ndi zisanu, palibe ntchito ya Verlene yomwe ndinaivomereza ndikukayika. Chombocho chikanakhala chopangidwa ndi manja ake okha, ndikanakwezamo mwana wanga. Ndili panja pano, m'galimoto yoyera pafupi ndi geti. Ndafika 9 koloko. Ndikulephera kulowa ndekha. Wina adzanditenge."