Mdzukulu wa Che Likwanya

Pa siteshoni ya Balaka mu 1978, tikudikira sitima ya ku Nayuchi, bambo wina wovala kofiya anasuzumira buku limene mnzake wa pabenchi ankawerenga.

"Achimwene, analemba bukuli si mtolankhani uja anasiya nyuzi n'kumayenda m'midzi kufunsa zakale?"

"Yemweyo. Ili ndi lachitatu. Mumam'dziwa?"

"Dimba langa likupita chifukwa cha iyeyo."

"Anakunamizirani?"

"Iyayi, ndinanama ndine. Anafika ndi kope, n'kufunsa amene anayamba kulima kudambo kwathu. Masiku ano munthu wa tayi akamalemba maina, mungam'patse la agogo anu? Ndinangopeka: Che Likwanya."

"Ndiye Che Likwanya kunalibe?"

"Walahi, ndikulumbira, kunalibe! Koma kwabwera mdzukulu wawo, buku kukhwapa, akufuna dimba la agogo ake. Mlandu upitirira Lolemba."

"Mdzukulu wa munthu woti sanabadwe? Kauzeni bwalo kuti munanama."

"Ndinawauza. Akuti wabodza sangatsutse buku."

"Nanga mboni mulibe?"

"Ndinali ndi nkhalamba ziwiri za kumzikiti. Atangoziwerengera tsambalo, zonse zakumbukira maliro a Che Likwanya. Akuti tsikulo kunagwa mvula."