Malegeni pa paipi ya mabuleki

Aulutsi, dzina langa musatchule, manyazi sanandichokebe.

Ndili ndi kagalimoto ka haibulidi, koyendera mafuta ndi magetsi. Paipi ya mabuleki itayamba kudontha, makaniko wa ku Songani anati, "Achimwene, iyi yatha, tisinthe." Ine wozolowera njinga, ndinangoimanga ndi malegeni.

Lamulungu ndinanyamula apongozi anga aakazi kupita nawo kutchalitchi. Titafika pokhota, pafupi ndi sikimu ya mpunga ya Likangala, ndinaponda buleki, phazi linangomira. Tinakathera m'munda wa mpunga.

Apongozi anatuluka, yunifolomu yawo yoyera ili matope okhaokha. Anawerama, n'kuona malegeni akulendewera pafupi ndi tayala.

Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa mawu, "Bambo, mwana wanga uja mumamukwezanso m'menemu?"

Paipi ndinasintha m'mawa mwake, koma funsolo sindinayankhebe.