Ndinawapeza pa Benchi Yomaliza ku Siteshoni ya Barking

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Mayi a Tamanda, ndimakhala ku Barking, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Ambiri mumandidziwa kuti uja anakwatiwa ndi mzungu wampira. Eya, ndine ndemwe.

Amuna anga, a Radek, kwawo ndi ku dziko la Czech. Mpira anauyambira m'katimu ka m'tauni mwawo, n'kupita timu yaikulu ya mumzinda, mpaka timu ina ya kuno ku London inawatenga. Ankasewera kumbuyo, otchinga. Timu ya dziko lawo anali ataisewerako kawiri, kulowa gemu ili pafupi kutha. Kawiri basi.

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, kochi wa dziko lawo anaimba foni. Akuti dzina la amuna anga lili m'gulu lopita ku mpikisano waukulu wa mayiko. Tinavina m'khitchini, ine ndi chimimba changacho. Kunangotsala gemu imodzi ya timu yawo ya kuno. Imodzi yokha, abale!

Tsiku limenelo ndinali m'bwalo momwemo. Analumphira mpira, mnzawo wa timu inayo n'kuwagwera pamwendo. Kuthyoka kwa fupa ndinakumva ndili pampando. Bwalo lonse zii.

Opaleshoni yoyamba. Yachiwiri. Yachitatu. Bala osapola, mafinya okhaokha. Ine ndimasamalira odwala, fungo limenelo ndimalidziwa. Ndinadziwiratu dokotala asanayankhule. Tamanda anabadwa Lachiwiri, Lachisanu lake bambo ake anawadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Abale anga, m'nyumba munalowa mdima. Munthu amene ankaseka mpaka oyandikana nafe kugogoda khoma anangokhala duu. Kudya osadya. Kusamba mpaka ndiwakakamize. Mpikisano uja utayamba, anaona anzawo pa wailesi yakanema akuimba nyimbo ya fuko lawo, wina ali pamalo pawo. Anathimitsa, n'kutembenukira kukhoma masiku atatu.

Mwana sankamukhudza n'komwe. Ndikati, "Bambo a Tamanda, tamugwirani ndisambe," ankati, "Ndimugwetsa. Munthu wosatha kuima yekha anganyamule mwana?"

Ndinapemphera. Ndinasala kudya. Ndinalira mpaka mkaka kuuma. Kenako ndinasiya kupemphera. Ndikuvomera pamaso panu, ndinasiya. Muno simunandione miyezi itatu, mukaimba foni ndinkanama kuti ndili pa shifiti. Kumudzi sindinawauze amayi anga, poti iwo anandiletsa ukwatiwu kuyambira pachiyambi.

Tsiku lina masana ndikuweruka, ndinatenga mwana kwa Mayi Banda, oyandikana nafe amene ankandisungira. Kulowa m'nyumba, muli zii. Ndodo zawo zoyendera palibe. Pabedi pali jezi ya dziko lawo yopindidwa bwinobwino, pamwamba pake mphete yaukwati.

Ndinakuwa. Mayi Banda anatuluka, akuti, "Ndawaona akulowera kusiteshoni ya sitima, ndimayesa akupita kuchipatala."

Ndinathamanga, abale. Mwana kumsana, yunifolomu ili m'thupi, nsapato imodzi inatsala pamsewu. Ndinathamanga!

Ndinawapeza pa benchi yomaliza, kumapeto kwenikweni kumene sikuima anthu, maso ali panjanji. Atandiona sanadzidzimuke. Anangoti, "Bwererani kunyumba. Inu ndi mwanayo mudzakhala bwino popanda ine."

Vesi linandithawa. Pemphero linandithawa. Chimene chinatuluka mumtima mwanga ndi ichi chokha: Yesu, ndatopa.

Ndinamasula chitenje, ndinatsitsa Tamanda, n'kumuika pamiyendo pawo.

"Mugwireni," ndinatero. "Miyezi inayi ndamunyamula ndekha. Manja anga atopa."

"Ndimugwetsa!"

"Ndiye mugwetseni."

Ndinachotsa manja. Ndinachotsadi manja, abale, sitima ikumveka kubwera. Mwana anapendekera, iwo anamuwakha ndi manja onse awiri, kumukumbatira pachifuwa. Tamanda n'kuwagwira ndevu. Kulira kumene analira amuna anga pamenepo sindinakumvepo kwa munthu wamwamuna. Sitima inafika, inaima, inanyamuka. Iwo ali pompo, mwana ali m'manja.

Aleluya! Nzeru imeneyo sinali yanga. Ine mutu unali utaima.

Sindikunamizani kuti anachira tsiku lomwelo, ayi. M'mawa mwake ndinapita nawo kwa dokotala, amuna angawo ananena zonse osabisa. Anayamba kumwa mankhwala, anayamba kukumana ndi alangizi. Masiku ena ankabwerera kukhoma kuja. Amayi a mpingo uno munkasinthana kukhala nawo ine ndikapita kuntchito, osamvana chinenero, koma munkakhala. Mulungu akudalitseni.

Lero ali ndi mwendo woikirira. Amaphunzitsa mpira pasukulu ina ku Tottenham, ndipo Loweruka amasewera ndi anzawo odulidwa miyendo, ndodo m'manja, matope mpaka m'makutu. Timu ya dziko lawo ikamasewera amatulukabe m'nyumba kuti asaionere. Bala limenelo silinapole, muziwapempherera.

Tacheukani kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko. Ndi amenewo, amene afiira nkhopewo. Chichewa samva, sakudziwa kuti ndawaulula zonse. Koma m'mawa uno andidzutsa ndi iwo kuti tichedwa kutchalitchi.

Zikomo Yesu. Ameni.