Mayi Khuthulani ndi thumba la achimwene awo

Malemu anabadwa pa 17 Meyi 1969, womaliza m'banja la ana asanu. Bambo awo atamwalira mu 1981, amene anawalera ndi kuwaphunzitsa ndi achimwene awo aakulu, adalaivala a basi, amene akhala kutsogoloku.

Mu 1993 anamaliza maphunziro a zamankhwala n'kuyamba ntchito pawindo loperekera mankhwala kuchipatala. Mu 1995 anamanga banja m'tchalitchi ndi aphunzitsi athu awa, ndipo Ambuye anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 2004 anapempha tebulo ndi mipando iwiri kuseri kwa windolo. Lachitatu lililonse odwala bipi ndi shuga ankabwera ndi mankhwala onse a kunyumba kwawo n'kuwakhuthula patebulopo. Malemu ankapatula otha ntchito, obwereza ndi osagwirizana, n'kukambirana ndi adokotala. Ambiri anasiya kugonekedwa pafupipafupi, anasiyanso kugula zosafunika. Dzina loti Mayi Khuthulani linachokera pamenepo, moti ngakhale kukwaya dzina lawo la ubatizo linaiwalika.

Tsono pali nkhani imene achibale tikuidziwa, ndipo achimwenewo atiloleza kuinena pamaso pa Mulungu. Mu 2021 iwo anayamba kumva chizungulire ali pachiwongolero. Malemu atakhuthula thumba lawo anapeza kuti akumwa mankhwala amodzimodzi a bipi kawiri, ochokera kuzipatala ziwiri, maina ndi mabokosi osiyana. Atawauza kuti asiye amodzi, achimwene anapsa mtima. Anati mwana womuphunzitsa okha sangawamane mankhwala olembedwa ndi adokotala. Anatolera zonse n'kutuluka. Zaka zitatu zinatha osalankhulana. Achimwene ntchito ya basi anaisiya, anagwapo kawiri m'bafa, koma thumba sanabwere nalo. Malemu ankawatchula dzina m'pemphero lililonse, poopa kuti tsiku lina adzagwa osadzukanso.

Mu Ogasiti 2024 malemu anapezeka ndi khansa ya m'mimba. Pa 3 Febuluwale chaka chino anagonekedwa pachipatala chomwe ankagwira ntchito. Chitseko chikatseguka ankayang'ana m'manja mwa wolowayo asanayang'ane nkhope. Tinatuma uthenga kwa achimwene katatu, kuli zii. Adokotala anatiuza kuti masiku atsala ochepa.

Lachitatu pa 12 Febuluwale masana, achimwene analowa atagwira thumba lija. Sanapepesane ndi mawu. Analikhuthula okha pabulangete. Malemu anapatula mabokosi khumi ndi limodzi, naitanitsa adokotala. Anatsala anayi. Kenako anapempha nyimbo ya chiyamiko, ndipo tsiku limenelo anadya. Anatisiya Lachisanu m'mawa pa 14 Febuluwale.

Asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, ndi achimwene awo, amene lero ayenda okha kufika pano popanda wowagwiriza.

Tikuthokoza anamwino ndi adokotala, a kwaya, aneba, ndi anzawo a pawindo amene alonjeza kuti tebulo lija silichotsedwa. Inu nonse muli ndi thumba kunyumba, Lachitatu likubwerali mupite nalo. Mulungu amene amayanjanitsa abale awalandire mtumiki wake, mzimu wawo uuse mumtendere mpaka tsiku la kuuka.