Mayi Halo ndi Bungwe Limene Linatsala ndi Munthu Mmodzi

Malemu azakhali athu, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 9 Ogasiti 1951 m'nyumba za antchito pafupi ndi siteshoni ya sitima, kumene bambo awo ankagwira ntchito yosintha njanji. Anali achitatu m'banja la ana asanu, ndipo mwa asanuwo ndi iwo okha amene anatsala. Ine ndaima panoyu ndine mwana wa achimwene awo, ndipo banja landituma kuti ndikuuzeni mbiri yawo monga momwe tikuidziwira.

Sukulu anayamba mu 1958, nalekezera folomu 2 chifukwa m'nyumba munalibe mphamvu yowapititsa patsogolo. Koma Mulungu anawapatsa mawu. Aphunzitsi akafuna wowerenga zolengeza pamzere, ankaloza iwo. Mawu omwewo ndi amene anawapezetsa ntchito yolumikiza lamya mu 1970. Kwa inu achinyamata amene mafoni ali m'matumba mwanumo, kale munthu akafuna kuyankhula ndi mnzake ankayamba wapempha kaye wolumikiza. Malemu ankakhala m'chipinda chopanda zenera, chomvera chili kukhutu, n'kumazula chingwe apa kukasomeka apo tsiku lonse. Dzina loti Mayi Halo linachokera kumeneko. Ankakonda kunena kuti mawu a anthu a m'tauni yonse ankawadziwa, koma akatuluka pamsewu panalibe ndi mmodzi yemwe wowapatsa moni.

Mu 1974 anamanga banja ndi bambo wokonza mawotchi, amene anali ndi katebulo kawo pakhonde la sitolo ina. Bambowo ankaseka kuti iwo anafunsira mawu, nkhope anachita kuiona pambuyo, ndipo mwamwayi sanaluze. Mu 1977 anadalitsidwa ndi mwana wamkazi, yemwe anakhala mwana yekhayo m'banjamo.

Mu 1996 makina atsopano anawalanda ntchito, ndipo anapuma. Sanapume nthawi yaitali. Mu 1998 amuna awo anagwa pakatebulo kawo kaja ndi matenda a sitiroko. Mbali yakumanja inafa, lilime linalemera. Mwezi woyamba pakhomo pankadzaza ozonda. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chaka chisanathe, malemu anatsala awiriwiri ndi wodwala wawo. Panalibe amene anawaphunzitsa kutembenuza munthu wowaposa thupi, kumusambitsa pabedi, kapena kumudyetsa osamutsamwitsa. Anaphunzira ndi msana wawo, ndipo msanawo sunawongokenso. Mu 2003 mwana wawo, atamaliza maphunziro a unamwino, anapeza ntchito kunja kwa dziko yosamalira okalamba. Mu 2005 amuna awo anatisiya.

Tonse tinkaganiza kuti tsopano apuma. Koma pa zaka zimene ankaperekeza amuna awo kuchipatala kukawongoletsa ziwalo, anadziwana pamzere ndi anthu ena osamalira odwala ngati awo. Maliro atatha anayamba kuwayendera. Zimene anapeza sizinawagonetse tulo. Pafupifupi msewu uliwonse unali ndi chipinda chakumbuyo chotseka, m'menemo muli munthu wosatha kudzuka, panja pali mkazi kapena mwana wotopa amene sanapiteko kumsika, kutchalitchi, ngakhale kumaliro a m'bale wake.

Mu 2006, pamodzi ndi anzawo asanu ndi mmodzi, anayambitsa bungwe lothandiza odwala ogona m'nyumba ndi owasamalira. Ofesi yawo inali kachipinda kosungiramo matabwa kuseri kwa shopu ya kalipentala wina, amene anawapatsa ulere pamodzi ndi mabenchi. Ntchito yawo sinali yowoneka pamsewu. Ankaphunzitsa kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, kumutsuka, kumupinda ndi kumuwongola miyendo. Nthawi zina ankangokhala pambali pa bedi kuti wosamalirayo akagoneko pang'ono.

Chifundo chokha sichigula magolovesi. Pankafunika sopo, mapulasitiki oyala pamatiresi ndi njinga za odwala. Anthu anawauza kuti kuli mabungwe akuluakulu opereka thandizo, koma thandizolo silibwera ndi misozi, limabwera ndi pulopozo, chikalata chofotokoza vuto, ntchito ndi bajeti yake. Mu 2008, ali ndi zaka 57, analembetsa maphunziro a kalembedwe ka pulopozo. M'holomo munali achinyamata okhaokha, aliyense ndi kompyuta yake, iwo ali ndi bolopeni. Nthawi ya tiyi achinyamatawo ankapatsana manambala a foni, malemu ataima okha pazenera ndi kapu yawo. Chimene chinawavuta kwambiri ndi funso loti ntchitoyo ikatha chidzasinthe n'chiyani. Anzawo ankalemba za ana obwerera kusukulu ndi mitengo yodzalidwa. Iwo odwala awo sankachira. Mwaulemu anauza mphunzitsi kuti chimene angalonjeze n'chakuti munthu adzagona pouma, ndipo womusamalira sadzapenga. Mphunzitsiyo anawauza kuti ayesetse kuzilemba m'manambala.

Sanagwe ulesi. Anaphunzira kompyuta pamalo olipiritsa intaneti, akutaipa ndi zala ziwiri, magalasi ali pamphuno. Ankatiseketsa kuti abambo ena amasaka madona a milomo yofiira, koma iwo nkhalamba akusaka madona a ndalama, ndipo onsewo n'ngovuta kuwakopa. Mayankho ambiri ankabwera owathokoza bwinobwino kenako n'kuwakana. Ena sankayankha n'komwe.

Mu 2011 khomo linatseguka. Bungwe lina linawapatsa thandizo la zaka zitatu. Njinga zinabwera, chikwangwani chinakhomedwa pakhomo pa kachipinda kaja, analemba ntchito achinyamata awiri, ndipo anagula kompyuta yawoyawo. Amene munawaona zaka zimenezo mukukumbukira kuti ankayenda ngati mtsikana. Ndipo poti iwo anavutika okha kupeza njira, sanafune kuti wina avutike chimodzimodzi. Loweruka lililonse ankatsegula ofesiyo kwa timabungwe tating'onoting'ono, n'kumaphunzitsa ulere kalembetsedwe ka bungwe, kasankhidwe ka komiti, komwe kumalengezedwa mwayi wa thandizo, ndi kalembedwe ka lipoti losanama. Kunkabwera gulu la anthu osamva, amayi osesa misika, anyamata a mpira, mpaka ena ankakhala pa matabwa a kalipentala.

Mu 2014 thandizo lija linatha, ndipo opereka thandizo anatembenukira ku nkhani za achinyamata ndi kusintha kwa nyengo. Chaka chotsatira komiti inakhala pansi. Anzawo anati bungwe lisinthe dzina ndi zolinga, litsate kumene kuli ndalama, ndipo odwala aziwathandiza ndi zotsala. Malemu anakana. Anati sangalembe papepala kuti akutukula achinyamata pamene manja awo akusambitsa nkhalamba, ndipo odwala awo akhala akudyera zotsala kwa nthawi yaitali kale. A komiti anavota pokweza manja, ndipo dzanja la malemu linaima lokha. Satifiketi ya bungwe, kompyuta ndi chikwangwani zinapita ndi ambiriwo, monga malamulo a bungwelo ankanenera. Sitikunena izi kuti tidzudzule munthu. Ena a inu muli pompano, ndipo ntchito imene munakagwira yathandiza ana ambiri. Tikungonena kuti kuyambira tsiku limenelo azakhali athu anatsala ndi kiyi ndi mabenchi.

Bungwe la munthu mmodzi palibe amene amalipatsa thandizo. Iwo ankadziwa zimenezi kuposa aliyense, popeza ndi zomwe ankaphunzitsa. Komabe anabwerera pamalo olipiritsa intaneti paja n'kumatumiza mapulopozo, ndipo anapitiriza kuyendera odwala wapansi, magolovesi ogula ndi penshoni yawo ali m'chikwama. Ena mwa ophunzira awo anapeza thandizo, anatsegula maofesi a makatani, ndipo podutsa pagalimoto ankawaimbira hutala. Malemu ankakweza dzanja mosangalala, n'kumatiuza kuti ameneyo bajeti anaidziwira pa benchi lawo.

Maphunziro a Loweruka sanawatseke, koma obwera ankachepa chaka ndi chaka, poti achinyamata anayamba kukonda maphunziro a m'mahotela okhala ndi alawansi. Bambo kalipentala atiuza kuti masiku ena malemu ankasesa, kuyala mabenchi, kulemba mutu wa phunziro pabolodi, n'kukhala pansi kuyang'ana khomo mpaka dzuwa kupendeka. Bambowo akaona choncho ankasiya chopalira, kudzikuntha utuchi, n'kukakhala pabenchi lakutsogolo. Malemu ankaimirira n'kuwaphunzitsa phunziro lonse osadumpha kanthu. Bambowo akuti lero bajeti amaidziwa ngati pakhomo pawo, kungoti bungwe alibe.

Mwana wawo ankawaimbira Lamlungu lililonse ndipo kangapo konse anawapempha kuti apite akakhale naye. Yankho linali limodzimodzi, loti odwala awo awasiyira yani. Akafunsidwa za thanzi lawo ankati ali bwino, n'kutembenuza nkhani kufunsa za agogo amene mwana wawoyo ankawasamalira kunjako.

Mu Novembala 2023, m'mawa wa Lachisanu, akukonzekera ulendo wawo wa kwa odwala, matenda omwe aja anatenga amuna awo anawagwetsa pakati pa chipinda, nsapato imodzi itavalidwa. M'nyumbamo ankakhala okha. Anagona pansi pamenepo mpaka Loweruka, pamene bambo kalipentala anadabwa kuti ofesi sinatsegulidwe, napita kunyumba kwa malemu kukathyola chitseko. Kuchipatala anayesetsa, ndipo moyo unatsala, koma mawu aja anapita. Munthu amene analumikiza tauni yonse ankaitana ndi maso.

Atatulutsidwa, ife abale tinkasinthana kubwera kuchokera kumatauni kumene timakhala. Koma amene anasenza mtolowu ndi mayi wina wosoka zovala, amene malemu anamuphunzitsa kale kusamalira mayi ake omubereka. Palibe anamutuma. Anangofika ndi makina ake osokera, nawaika pafupi ndi bedi, n'kumasoka akuwayang'anira. Ankawatembenuza monga momwe iwo eni anamuphunzitsira, dzanja lina paphewa, lina m'chiuno, akuwauza kaye asanawagwire. Anagona pabedipo kupitirira chaka, ndipo amayi amene asambitsa thupi lawo achitira umboni kuti palibe chilonda ndi chimodzi chomwe. Anatsikira kulichete m'mawa wa pa 14 Malichi 2025, ali ndi zaka 73, makina osokera akulira pambali pawo.

Malemu asiya mwana mmodzi, amene zikalata zake za ulendo zakanika kutuluka msanga, ndipo akutsatira mwambowu pa foni imene wanyamula mlongo wanga apoyo. Asiyanso zidzukulu ziwiri zimene zinangowaonera pa foni yomweyo, ndi ife ana a abale awo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi a kwaya, aneba amene mwagona nafe panja masiku onsewa, ndi a mabungwe amene mwabwera ndi nkhata zamaluwa. Bambo kalipentala, bokosi limene agonamo mwakhoma ndi manja anu ndipo mwakana kulandira kanthu, tilibe mawu. Mayi osoka zovala, inu simulinso mnansi, ndinu mwana wa m'nyumba muno.

Pali anthu atatu amene akanafuna kukhala pano koma sangathe kudzuka. Ndi odwala omaliza amene malemu ankawayendera asanagwe. Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire amene akusamalidwa ndi mkazi wake yekha, mpaka pano sanauzidwe. Mkaziyo akuti walephera, chifukwa chitseko chikangolira bambowo amatembenuzira maso kukhomo poganiza kuti ndi Mayi Halo. Banja silikupempha chopereka. Likupempha miyendo. Amene angathe kupatula masana amodzi, tikachoka kumanda aonane ndi mayi osoka zovalawo; nyumba zitatuzo akuzidziwa, ndipo kagwiridwe kake akuphunzitsani.

Azakhali, mwatembenuza ambiri, ndipo msana wanu watopa. Gonani tsopano. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.