Ndinkapempherera Galimoto ya Bwana Kuti Isafe

Moni nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a kuno ku Cape Town ndi a kumudzi omwe. Mukundidziwa, ine si munthu wa maumboni. Kutchalitchi kwathu ku Maitland akanena kuti amene ali ndi umboni apite kutsogolo, ine ndimayang'ana nsapato zanga, chifukwa ambiri akagwira maikolofoni amangotiuza za foni yatsopano. Koma lero ndilemba, poti mkazi wanga wandiumiriza, ndipo sakulakwa. Vuto langa linali lakuti chipinda chimene ndinkagona ndi banja langa chinkafuna kugwetsedwa kuti galimoto ipeze pogona. Mwawerenga bwino, galimoto.

Sukulu ndinalekezera Fomu 3 kwathu ku Ntcheu. Musandifunse chifukwa, ndinatopa kuyankha. Nditafika kuno ndinavutika monga timavutikira tonse, mpaka ndinapeza ntchito ku Hout Bay kwa mzungu wina wachikulire ndi mkazi wake. Ntchito yake ndi kutchetcha kapinga, kusamala maluwa, kuyeretsa dziwe losambiramo ndi kutsuka galimoto. Malipiro si oti munthu n'kunyadira, koma panali chipinda kuseri kwa galaja. Khoma linali limodzi, mbali ino bedi langa, mbali inayo galimoto ya bwana. Chipindacho chinali chaching'ono, zenera lake lovuta kutsegula, ndipo munali wadiropu yakale imene ndinaipeza itakhomeredwa kukhomalo. Koma chinali ndi loko, ndipo kiyi ndinkasunga ine. Amene munagonapo mothithikana ndi anthu osawadziwa mukumvetsa zimene ndikunena. Dona atalola kuti mkazi wanga Esinati abwere ndi mwana wathu Takondwa, ndinaona ngati ndafika.

Galimoto ya bwanayo inali yapamwamba, ija yaitali m'mwamba, ya mipando yachikopa yotenthetsa msana. Pamsewu anthu ankaicheukira. Koma ife a pakhomo tinkadziwa kuti ndi yodwaladwala. Tsiku lina mumaipeza yagwada pansi ngati ng'ombe yotopa, tsiku lina timagetsi tonse ta kutsogolo kwa chiwongolero tayaka. Vuto lalikulu linali batire. Ikangokhala masiku angapo osayenda, basi yafa. Popeza bwana amayenda maulendo a ndege pafupipafupi, makaniko anamuuza kuti izilizidwa m'mawa uliwonse ngakhale isakupita kulikonse. Ntchito imeneyo inagwera ine.

Inali nyengo yozizira, ija ya kuno ya mvula ndi mphepo. Dona ankaopa akuba, ndiye analamula kuti chitseko cha galaja chizikhala chotsitsa. Ine ndinkalowa m'mawa, kuliza injini, kutsitsa chitseko, n'kubwerera kuchipinda kukamwa tiyi injiniyo ikung'ung'udza kuseri kwa khoma. Kafungo ka utsi tinkakamva, koma munthu wogona kuseri kwa galaja angadabwe ndi fungo la galimoto? Takondwa ankagona pa matiresi aang'ono m'munsi mwa wadiropu, chifukwa ndi pomwe panali pofundira.

M'nyengo yomweyo tinayamba kudwala. Ine mutu unkandiwawa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkadzuka wotopa ngati ndagona ndikulima. Esinati ankachita chizungulire ndi mseru mpaka tinaganiza kuti waima, koma ayi. Chimene chinkandisautsa kwambiri ndi mwana. Takondwa amene kale sankakhazikika anasanduka wofooka, wongogona, ndipo akadzuka ndi chifuwa. Kukiliniki anati ndi chimfine cha nyengo, natipatsa mankhwala a madzi. Kutchalitchi mayi wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti a kumudzi akutitsata chifukwa cha nsanje. Ndinawayankha kuti wochitira nsanje munthu wotchetcha kapinga ndi wosowa zochita. Kuyambira pamenepo sandipatsa moni.

Tili m'mavuto amenewo, bwana anayamba kulankhula za galimoto ina, yaikulu kuposa ija, yokwana zidzukulu zake zonse komanso yotha kukoka boti lake. Tsiku lina ndikupukuta matayala ndinamuona akulowa m'galaja ndi tepi yoyezera. Anayeza kuchokera pachitseko mpaka kukhoma, n'kupukusa mutu.

"Yatsopanoyo siikwana muno," anandiuza. "Ndikaigula tidzagwetsa khoma ili."

"Nanga chipinda changa, bwana?"

"Tiona, tiona," anatero akukulunga tepi yake.

Mawu akuti tiona ndimawadziwa. Ndi amene anandiuza amalume anga nditasiya sukulu.

Chimene chinandipatsa chiyembekezo n'chakuti bwanayo anali asanatsimikize. Kwa masabata ambiri ankangosinkhasinkha, ndipo zonse ndinkazimva chifukwa anthu olemera salabada kuti wotsuka galimoto ali ndi makutu. Lero akuuza mnzake pa foni kuti yakaleyi yamutopetsa, munthu sungaidalire pa ulendo wautali. Mawa akunena kuti wamva kuti zazikuluzo nazonso zimavuta magiya, ndiye bola matenda amene anawazolowera. Mkuja akuti yakaleyi ndi yofewa pamsewu, yaikuluyo idzamuvuta poimika ku Claremont. Iye ankasankha pakati pa mpando wabwino ndi mpando wabwino kwambiri. Ine mtima wanga unkakwera ndi kutsika potsatira mawu ake, chifukwa pa kusankha komweko panali denga la mwana wanga.

Apa ndi pamene ndinayamba kupempherera galimoto. Sindikunena zocheza. Anthu amapempherera odwala, ine ndinkagwada pa simenti yozizira ya m'galaja, kuika dzanja pa boneti, n'kunena kuti, "Ambuye, galimoto iyi isafenso. Isagwade, isayatse timagetsi, bwana aikondenso." Esinati anandipeza tsiku lina ndili chigwadire.

"Bambo a Tako, mwayamba kusanjika manja galimoto?" anandifunsa atagwira chitseko chifukwa cha chizungulire. "Ndibweretse mafuta ophikira muidzozenso?"

"Iwe seka. Ikafa iyi tikagona pa siteshoni."

Sanasekenso. Ndipo ine, pofuna kuti batire isampatse bwana chifukwa, ndinayamba kuisiya injini ikulira nthawi yaitali kuposa kale. Ndinkaganiza kuti ndikuthandiza pemphero langa. Mitu yathu inapitirira kuwawa, ndipo Takondwa anafika pokana bere.

Ndiyeno Loweruka lina masana galimoto ija inafa pamsewu wokwera phiri, dona ndi zidzukulu ali momwemo, mvula ikugwa. Anabwera nayo itanyamulidwa pa lole. Dona anatsika m'galimoto ya mnansi ali wonyowa, ndipo sanafunenso kumva za magiya kapena kufewa kwa mipando. Nkhani inathera pomwepo. Bwana anaitanitsa yaikulu ija, ndipo ine anandiuza kuti ntchito yanga ilipo, koma pogona ndidzionere.

Abale, ndinafooka. Masiku anga opuma ndinkayenda kufunafuna chipinda, mutu ukugunda. Kwina akangomva kuti pali mwana ankati malo atha. Kwina kunali koti ngakhale nkhuku simungaisunge. Esinati anayamba kunena zoti abwerere kumudzi ndi mwana. Kupemphera ndinasiya. Ndinamuuza Mulungu mosabisa kuti sindinapemphe nyumba ya njerwa, sindinapemphe galimoto yangayanga, ndinangopempha kuti chitsulo cha munthu wina chisafe, ndipo ngakhale chimenecho wandimana. Ndinati ngati amamva mapemphero, ndiye kuti amayambira kwa a magalimoto awiri, ife a Fomu 3 timakhala kumapeto kwa mzere.

Tsiku logwetsa khoma, dona anatilola kuika katundu wathu m'kachipinda kochapira zovala mpaka sabata ithe. Mmisiri amene anabwera anali bambo wachikulire, a Phiri. Iwo anabadwira ku Harare, koma bambo awo anali a ku Dedza, ndiye Chichewa chawo ndi chosakaniza ndi Chishona. Atandimva ndikulankhula ndi Esinati anasekerera n'kundipatsa moni wa kwathu. Ine ndinayankha mokakamizika. Kwa ine anali munthu wobwera ndi hamala kudzaphwanya nyumba yanga.

Bwana anandiuza kuti ndiwathandize kuchotsa wadiropu ija. Tangoganizani, kugwetsa chipinda chako ndi manja ako. Tinazula misomali, n'kuikokera pakati. A Phiri anayang'anitsitsa khomalo. M'munsi mwa khomalo munali njerwa ya mabowo, ija yolowetsa mpweya, imene ine ndinali ndisanaionepo. Kuzungulira njerwayo khoma linali bii ndi mwaye, ndipo thabwa la kumbuyo kwa wadiropu linali lakuda ndi long'ambika cha pansi. Anagwada, n'kusuzumira pa mabowowo, kenako anazungulira kupita m'galaja. Ndinawatsatira. Mbali imeneyo njerwayo inali kuseri kwa shelefu ya zitini za penti, moyang'anana ndendende ndi pamene pankathera paipi ya utsi, chifukwa bwana ankakonda kuimika galimoto cham'mbuyo.

"Mupfana, apa pansi pa wadiropu pankagona ndani?" anandifunsa, akunditchula mnyamata m'Chishona chawo.

"Mwana wanga."

"Galimoto imalizidwa chitseko chili chotseka?"

"M'mawa uliwonse. Ndimailiza ndine."

"Maiwe," anatero, atagwira pakamwa. Kenako anandiyang'ana n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanayo alipo?"

Funso limenelo sindidzaliiwala. Sanafunse kuti mwana ali kuti, anafunsa ngati alipo. Ndinakhala pansi pomwe ndinkagwada popempherera galimoto paja. Ndinakumbukira m'mawa uliwonse umene ndinawonjezera nthawi ya injini, ine ndikumwa tiyi, mwana wanga ali chigonere pafupi ndi mabowo aja.

A Phiri anasiya hamala, n'kutikweza m'bakki, galimoto yawo yonyamulira katundu, kupita kukiliniki. Titawafotokozera anesi za njerwa ija ndi injini, nkhope yawo inasintha. Anamuyeza Takondwa mosamala kuposa ulendo woyamba, natitumiza kuchipatala chachikulu, ndipo anatiuza kuti utsi woterewu anthu ena amangogona nawo osadzukanso. Esinati analira njira yonse. Ine sindinalire, koma ndinali nditazindikira chimene ndinakhala ndikupempha. Galimoto ija ikanachira monga ndinkafunira, bwana akanaisunga, khoma likanakhala chiimire, ndipo ine ndikanapitiriza kuliza injini mpaka m'mawa wina ndikanadzutsa mwana wosadzuka.

Pobwerera, a Phiri anandifunsa kumene tikagone sabata ikatha. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa. Anati kuseri kwa nyumba imene amakhala ku Maitland kuli chipinda chimene munkagona mwana wawo amene anasamukira ku Joni, ndipo munangodzaza matumba a simenti. "Mukachotsa simentiyo n'chanu, zina tidzakambirana," anatero. "Koma ndikuuziretu, galaja kulibe." Ndinaseka koyamba pa nthawi yaitali.

Bwana atamva anabwera kudzaona njerwa ija, ndipo anapepesa kwambiri. Ndikukhulupirira kuti sankadziwa. Ngakhale ine wogona momwemo sindinkadziwa. Koma sindikunamizani kuti mtima wanga unayera tsiku lomwelo, chifukwa chipindacho anachimangira wantchito osaganizako kuti wantchito amapuma mpweya. Zimenezo ndikulimbana nazobe, ndipo Mulungu akudziwa.

Pano tikukhala kwa a Phiri. Sindinalemere, ndipo musayembekezere kuti ndikuuzeni kuti ndili ndi kampani. Ndimadzuka m'mamawa kukwera matekisi kupita ku Hout Bay, ndipo ndimafika kunyumba miyendo ili ngati si yanga. Galimoto yaikulu ija inabwera. Potsuka denga lake ndimakwera pa kreti, ndipo yabwererapo kale kwa makaniko chifukwa cha kamagetsi kena. Bwana wayambanso kudandaula pa foni. Ine ndimangopukuta, sindiipempherera.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa anandikaniza. Ndikuthokoza chifukwa anapha galimoto ija pa phiri ine ndikumupempha kuti aisunge, ndiponso chifukwa munthu amene ndinkamuona ngati wodzaphwanya nyumba yanga ndi amene anatipulumutsa. Kwa inu amene mwapemphera mpaka kutopa koma zinthu zikungogwa, sindikuuzani kuti musatope, poti inenso ndinatopa ndipo ndinalankhula mawu oipa. Ndingoti musachoke. Nenani zakukhosi kwanu, koma musachoke, chifukwa simukudziwa chimene chili kuseri kwa khoma limene mukulitchinjirizalo. Ndipo inu amene mumagona kuseri kwa galaja za mabwana, lero lomwe sunthani wadiropu muone.

Ndikalowa m'galaja muja, kumbuyo kwa galimoto yatsopano kumathera pomwe pankakhala mutu wa Takondwa. Ndimaima pang'ono ndi ndowa yanga, kenako n'kuyamba kutsuka. Iyeyo masiku ano sagonanso masana. Amathamanga bwalo lonse la a Phiri, waswa kale makapu awo, ndipo Lamlungu, tsiku lokhalo loti ndigone mokwanira, amandikhalira pamimba kunja kusanayere bwino n'kumandikoka mphuno. Ndimadzuka wotopa ngati kale, koma kutopa kumeneku Ambuye asandichotsere.