Ndinkafufuza Laston, Kompyuta Inkadziwa John

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, a kumudzi ndi inu amene tikuvutikira limodzi kuno ku Joni. Ine ndine Esinati, kwathu ndi ku Thyolo. Umboni wanga si wa galimoto kapena nyumba ayi. Ndi wa chithunzi chimodzi chokha, chimene chinatsala pang'ono kufufutidwa ine ndikuona.

Tinabwera kuno ndi amuna anga a Laston m'zaka za m'ma 90, mwana wathu Tamanda titamusiya kwa achemwali anga asanayambe n'kuyenda komwe. Ine ndinkasesa ndi kuphika tiyi pa shopu ina yojambula zithunzi ku Benoni, iwo ankasamalira gadeni ya madamu eni shopuyo. Kenaka anadwala chifuwa chachikulu, n'kutisiya. Misozi isanaume, mbaula ya palafini ya aneba inayatsa mikhukhu yathu, tinyumba ta malata timene tinkakhalamo ku Tsakane. Zovala zinapsa, zithunzi zonse zinapsa, ndinatsala ndi zomwe ndinavala tsikulo.

Patapita nthawi achemwali anatumiza uthenga woti Tamanda wayamba sukulu, anzake akumunena kuti alibe bambo, ndiye akungofunsa kuti bambo ake ankaoneka bwanji. Abale, ndikanamuyankha chiyani? Ine ndemwe nkhope yawo inali itayamba kundithawa m'mutu.

Ndinakumbukira kuti madamu atagula makina olowetsera zithunzi mu kompyuta, anawayesera pa chithunzi cha a Laston. Nditawapempha anati sakukumbukira pomwe anachisunga. Anawonjezera kuti shopu akutseka, kompyuta agulitsa kale, ndipo Lachisanu kubwera munthu wodzafufuta zonse za m'kati. Anangondionetsa podina, nati ndizifufuza ndekha pa nthawi ya nkhomaliro.

Kompyuta ija inali yaulesi zedi. Chithunzi chinkatuluka pang'onopang'ono kuyambira kumwamba, iwe mtima uli m'malere, mapeto ake upeze kuti ndi galu wa kasitomala. Mafayilo anali mbwee, m'foda muli mafoda enanso. Maso ankawotcha, msana ukuwawa, nkhomaliro osadya, koma dzina la Laston osaoneka paliponse. Lachinayi ndili m'takisi ndinamuuza Mulungu mosabisa kuti ndatopa. Mwanditengera mwamuna, mwanditengera pogona, nkhope yokhayi mutenganso? Pemphero limenelo sindinalitseke ndi ameni.

Lachisanu kunabwera bambo wina wonyamula chikwama, madamu ankamutchula kuti Jeff. Anandimva ndikung'ung'udza ndekha m'Chichewa, ndipo anatembenuka.

"Amayi, ndinu akumudzi?"

Anali a Jafali, Msilamu wa ku Mangochi. Ine ndinkaganiza kuti thandizo likadzabwera lidzachokera kutchalitchi kwathu, koma Mulungu safunsira nzeru kwa Esinati. Munthu amene anatumidwa kudzafufuta ndi yemweyo anakhala pansi kumva nkhani yanga.

Anati kutsegula chimodzichimodzi ndikanakalamba ndili pampando pomwepo. Analemba timizere tingapo ta malamulo pa sikirini yakuda, n'kutisunga ngati kafayilo. Anandifotokozera kuti akakayendetsa, kompyuta ilowa yokha m'foda iliyonse, ikapeza chithunzi chokhala ndi dzina lomwe taiuza, ichikopera pa disiki. Analowetsa disikiyo, kaja kamakona anayi kokwana m'thumba la malaya. Anayamba ndi dzina la Laston, osapezeka kanthu. Anayesa dzina la bambo a amuna angawo, chimodzimodzi. Ine ndinatola tsache langa kuti ndikapitirize kusesa, mphamvu zolira ndinalibenso.

"Tadikirani mayi," anatero a Jafali. "Madamuwa amuna anuwo ankawaitana kuti ndani? Si mwamva ine pano ndine Jeff?"

"John," ndinayankha.

Dzina limenelo ndinkadana nalo. Madamu anangowapatsa tsiku loyamba ntchito, osafunsa n'komwe kuti makolo awo anawatcha ndani. Ine pakamwa panga linali lisanatulukepo, n'chifukwa chake sabata yonse ndinkalidumpha ndikaliona.

A Jafali anasintha liwu limodzi lokhalo m'kafayilo kaja. Nthawi yomweyo makina anayamba kulira krr krr, kanyale kobiriwira kakuphethira. Disiki inadzaza, analowetsa ina, nayonso inadzaza. Abale, a John anali ambiri. Ogwira m'magadeni, alonda, onse amene mabwana ankabwera nawo kudzajambulitsa za makadi a ntchito, madamu anawasunga ndi dzina limodzimodzilo. Tinayamba kuwatsegula, nkhope za amuna a eni, zotopa ngati yanga.

Kenaka pamwamba pa sikirini panayamba kutuluka chipewa chamlaza chong'ambika mbali imodzi. Ndinachidziwa nkhope isanafike. Chipumi, maso, kenaka kuseka kwawo kuja, mpata wa m'mano uli poyera. Ndinakhala pansi pomwe ndinakolopa m'mawa uja.

A Jafali asanatulutse disiki anachotsa dzina la John pa fayiloyo, n'kulemba Laston. Madamu anasindikiza chithunzicho osanena zambiri, ndipo madzulo asanafike kompyuta inali itafufutidwa yonse. Madisiki a John enawo ndinawasunga. Sindikudziwa mayina awo, koma ndimawapempherera, poti nawonso kwinakwake ali ndi ana amene akufunsa.

Chithunzicho ndinachitumiza ndi anthu opita kumudzi, kumbuyo nditalemba kuti, Laston, bambo ako. Achemwali akuti Tamanda anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwira mano ake n'kunena kuti, "Mpata wangawu ndi wa adadi."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la m'takisi lija. Kutopa sikunandithere, ndikusesabe m'nyumba za anthu, ndipo kumene ndili pano amanditchula kuti Mary. Koma inu amene mwafooka, musaleke kupempha, ngakhale mawu atuluke okhota. Kuno atisinthe mayina mmene angafunire, Iye amadziwa lenileni. Ameni amene ndinamumana tsiku lija, ndikumupatsa lero. Ameni.